Ndalama ya pafoni ikafunika usiku mwana atadwala

Tiyerekeze kuti muli kumudzi kwa Mfumu Yaikulu Mavwere ku Mchinji, nthawi ndi 11 koloko usiku, mwana thupi latentha ndipo akusanza chilichonse chomwe mwamupatsa. Azaumoyo amati mwana wotere asagonetsedwe pakhomo. Mankhwala ku chipatala cha boma ndi aulere, koma wakabaza wa njinga yamoto sanyamula munthu ulere, ndipo usiku mtengo umakwera. Akakutumizani ku chipatala chachikulu ku boma la Mchinji, kapena mukasankha St Gabriel ku Namitete komwe thandizo lambiri n'lolipira, ndalama ifunikanso. Kodi ndalamayo muli nayo pati?

Kale yankho linali kugogoda kwa wakatapila kapena kugulitsa mtedza usanaume. Lero mabanja ambiri amaloza foni. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, kutsatira njira yomwe kampani ya Safaricom inatsegula ku Kenya mu 2007 ndi M-Pesa. Sizilira intaneti kapena foni yodula. Kafoni ka mabatani kakwanira, mungoimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM.

Mufoni mulibe ndalama yeniyeni. Mukapereka K20,000 kwa ejenti pa Waliranji, iye amachotsa K20,000 pa ndalama ya mufoni mwake, yomwe amaitcha fuloti, n'kuisamutsira pa nambala yanu. Ndalama yomwe ikuimira manambala amenewa kampani imaisunga ku banki mu akaunti yapadera, ndipo Reserve Bank of Malawi ndiyo imayang'anira. N'chifukwa chake foni ikagwera m'chitsime ndalama siitayika. Mumapita ndi chiphaso cha unzika, akupatsani simukadi ina pa nambala yomweyo, ndalama muipeza ilipo. Ya pansi pa mphasa ikadyedwa ndi chiswe, yapita.

Koma apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Kuti mutape ndalama, ejenti ayenera kukhala ndi ndalama m'manja, ndipo kampani simupatsa, ndi mpamba wake. Ejenti ndi wabizinesi ngati wa golosale, amadyera pa kakomishoni. Nyengo yogulitsa soya ndi mtedza ndalama zimayenda, koma mu Januwale ndi Febuluwale, pamene aliyense akutapa ndipo wosungitsa palibe, mumva kuti "lero ndilibe, mubwere mawa". Miyezi yomweyo ndi imene malungo amavuta. Ndiponso usiku kabenchi ka ejenti kamakhala katalowetsedwa m'nyumba.

Choncho musadikire matenda. Pezani wakabaza mmodzi kapena awiri a m'dera lanu omwe amalola kulipidwa pafoni, mulembe manambala awo pa chikuto cha buku la kusikelo la mwana. Mukamulipira pafoni simufunanso ejenti. Achibale a ku Lilongwe kapena ku Kasungu akamakutumizirani thandizo, auzeni awonjezere yotapira, chifukwa kutapa kuli ndi mtengo wake. Kandalama kochepa ka m'manja kasasowebe m'nyumba, poti netiweki imathawa, batire limatha, ndipo m'midzi ya kufupi ndi malire foni imatha kukoka netiweki ya ku Zambia.

Inu mavolontiya a zaumoyo, pali funso limene sitiliika kawirikawiri pa mndandanda wa mafunso a khomo ndi khomo. Timafunsa za neti, za chimbudzi, za katemera. Tifunsenso kuti foni imagona ndi ndani, nanga nambala yachinsinsi akuidziwa ndani. M'mabanja ambiri foni ndi ya bambo. Bambo akapita ku Chipata kukagula katundu kapena kuganyu, mayi amatsala ndi mwana wodwala, ndalama ili m'thumba la munthu amene ali kutsidya kwa Mwami. Kwa ine, banja lotere lilibe ndalama ya chipatala, ngakhale mufoni mutakhala K100,000. Simukadi ndi yotsika mtengo. Mayi akhale ndi yakeyake, yolembetsedwa pa chiphaso chake, ngakhale aziika mufoni yobwereka. Pa banki m'khonde, thumba la zadzidzidzi likamasungidwa pafoni, gulu ligwirizane msanga za amene angatulutse ndalama usiku popanda kudikira tsiku la msonkhano.

Za akuba tinene mwachidule. Wina akakuimbirani kuti mwana wanu wagonekedwa, tumizani ndalama msanga, dulani foni muimbire mwanayo kapena aphunzitsi ake. Akati wakutumizirani ndalama molakwitsa, onani kaye ndalama zotsala mu akaunti yanu, musakhulupirire uthenga wokha. Mchinji ndi komwe Mtukula Pakhomo anayambira mu 2006, ndipo akuba amadziwa kuti dzina limeneli limakopa, ndiye amanamizira kuti akukulembetsani. Wa boma kapena wa kampani ya foni sakufunsani nambala yachinsinsi. Ngakhale ejenti, mupatseni nambala ya foni yokha, yachinsinsiyo mulembe nokha, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa chifukwa chili pa chiphaso chomwe mwangomuonetsa.

Ngati mukukayika za momwe mwana alili, mutha kuimbira ku Chipatala Cha Pa Foni. Koma mwana akakomoka, akalephera kuyamwa kapena akamapuma mobanika, imbirani wakabaza kaye, zinazo mukaimbira m'njira.