MAATOMU PA KANEMA: CHINSINSI CHA MANKHWALA A LIKODZO CHAULULIKA

Anthu a m'boma la Mangochi, kuyambira ku Chembe ndi Monkey Bay kufikira ku Malindi ndi Makanjira, amaidziwa bwino nthenda ya likodzo. Tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi, timaboola khungu la wosamba kapena wochapa, ndipo tikakula timasanduka nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi. Likodzo la m'chikhodzodzo ndi lakale m'derali, koma m'chaka cha 2017 akatswiri anapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndipo mu 2018 likodzo la m'matumbo linapezeka mwa ana asukulu a m'bomali.

Mankhwala amene dziko lonse limadalira pa nthendayi ndi amodzi okha, otchedwa praziquantel, amene makampani a Bayer ndi Merck a ku Germany anawatulukira m'zaka za m'ma 1970. Chodabwitsa nchakuti kwa zaka pafupifupi 40 madokotala anachiritsa nawo anthu miyandamiyanda osadziwa malo enieni amene mankhwalawo amagwira m'thupi la nyongolotsi.

KUONA ZOSAONEKA

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu, tinthu tating'ono kwambiri kotero kuti pafupifupi 10 miliyoni titandanda pamzere tingakwane milimita imodzi yokha. Molekyulu imodzi ya praziquantel ili ndi maatomu 47. Maatomuwa sakhala chete. Amanjenjemera, amakokana ndi kukankhana usana ndi usiku.

Popeza diso silingaone zimenezi, akatswiri amazijambula pa kompyuta. Atomu iliyonse imaoneka ngati kampira, kawirikawiri kofiira ngati ndi okosijeni, kobiriwira ngati thambo ngati ndi nayitulojeni, koyera ngati ndi hayidulojeni. Kompyuta imawerengera mphamvu yokoka kapena yokankha kampira kalikonse, nkukasuntha pang'ono, kenaka nkuwerengeranso. Nthawi ya pakati pa kusuntha kuwiri ndi yochepa zedi: sekondi imodzi igawidwe zigawo biliyoni imodzi, ndipo chigawo chimodzi chigawidwenso ka miliyoni. Zithunzi zotere zikaonetsedwa motsatizana zimapanga kanema, ndipo munthu amaona molekyulu ikupindika, ikutseguka ndi kutsekeka.

Kanema woyamba wa puloteni wa mtundu umenewu anawerengeredwa mu 1977 ndi Andrew McCammon, Bruce Gelin ndi Martin Karplus ku Harvard. M'chaka cha 2013 a Karplus, pamodzi ndi Michael Levitt ndi Arieh Warshel, analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha njira zowerengera mamolekyulu pa kompyuta. Lero pulogalamu yotchedwa VMD, ya ku University of Illinois, imaonetsa makanema otere ngakhale pa kompyuta wamba.

CHITSEKO CHA M'THUPI LA NYONGOLOTSI

Mu 2019 gulu la Jonathan Marchant, ku Medical College of Wisconsin ku America, linapeza kuti praziquantel amatsegula puloteni ina imene ili ngati chitseko pa maselo a nyongolotsi. Chitsekocho chikatseguka, kashiamu amalowa mochuluka, minofu ya nyongolotsi imakungika, ndipo iyo imalephera kugwira mtsempha. Mu 2021 gulu lomweli linaumba chifanizo cha chitsekocho pa kompyuta, nilisonyeza kathumba kamene mankhwala amalowamo. Silinakhulupirire chithunzi chokha ayi: linasintha tizigawo ta kathumbako kamodzikamodzi m'labotale, ndipo zotsatira zake zinavomerezana ndi chithunzicho.

Apa mpamene panayankhidwanso funso lakale. Nyongolotsi za m'chiwindi cha ng'ombe ndi nkhosa, zotchedwa Fasciola, sizifa ndi praziquantel. Chifukwa chake nchakuti kachigawo kamodzi kokha ka kathumba kawo nkosiyana.

PHUNZIRO KWA A KUNYANJA

Nkhaniyi ili ndi chenjezo. Ngati kusiyana kochepa chotero kungathe kuwalanda mphamvu mankhwala, ndiye kuti nyongolotsi za likodzo ziyenera kuyang'aniridwa kuti zingayambe kupirira. Tsopano akatswiri akudziwa malo oyenera kufufuza, ndiponso ali ndi poyambira pofuna mankhwala ena.

Maonekedwe a molekyulu akhudzanso ana aang'ono. Praziquantel ali ndi mitundu iwiri yofanana monga dzanja lamanja ndi lamanzere. Umodzi ndiwo umapha nyongolotsi. Winawo umangowonjezera kuwawa m'kamwa. Mankhwala atsopano otchedwa arpraziquantel ali ndi mtundu wopha wokhawo, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza kwa ana a miyezi 3 mpaka zaka 6.

Komabe kompyuta siichotsa nkhono m'madzi. Praziquantel sapha bwino tizilombo tosakhwima, ndipo wochira akalowanso m'madzi oipa amadwalanso. Chotero aphunzitsi amene amathandiza pogawa mankhwala m'sukulu aonetsetse kuti mwana aliyense wayamba wadya, wayezedwa msinkhu ndipo walandira mapiritsi okwanira. Ogwira ntchito m'Boma nawo akumbukire kuti zimbudzi ndi mijigo ndizo zimadula ulendo wa nthendayi pakati pa munthu ndi nkhono.