Simenti ikagwera m'diso, yambani ndi madzi

Ndikuumirira kuti simenti, laimu kapena asidi wa batire zikagwera m'diso, thandizo liyambire pomwepo: tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri, lili chitsegulire, kwa mphindi zosachepera 20, kenako thamangirani kuchipatala. Ena amati kutsukako n'kutaya nthawi, bwenzi wovulalayo ali kale panjira. Sindikuvomereza, chifukwa simenti ndi laimu zimapitiriza kuotcha diso nthawi yonse imene zili momwemo, ndipo zimalowerera mkati kuposa asidi. Ululu ukachepa musanyengeke, pakuti diso lopsa kwambiri nthawi zina silipweteka. Mkaka wa m'mawere ndi madzi a zitsamba zimangolowetsamo tizilombo. Koma ngati chitsulo chabaya diso, musatsuke kapena kuchizula. Liphimbeni ndi kapu yoyera osalikanikiza, mupite kuchipatala nthawi yomweyo.