Ku Katete kulibe jury, koma mlandu umadalirabe munthu wamba

Munthu wa ku Katete akaimbidwa mlandu wakupha, nkhani yake imayambira ku polisi, imadzera kwa majisitireti pa boma, n'kukathera ku Khoti Lalikulu ku Chipata. Kumeneko womva umboni ndi kugamula amakhala jaji mmodzi. Palibe mlimi wa kwa Kawaza kapena mphunzitsi wa ku Sinda amene amalandira kalata yomuitana kuti akakhale pampando n'kunena ngati woimbidwayo walakwa kapena ayi. Zambia ilibe jury, gulu lija la anthu wamba khumi ndi awiri lomwe timaliona m'mafilimu.

Ku England ntchito imeneyi sakana. Mayina amatoledwa mwa maere m'kaundula wa ovota, kuyambira wa zaka 18 mpaka 75, ndipo wojomba popanda chifukwa chomveka amalipitsidwa chindapusa. Ganizo lake n'loti ufulu wa munthu usathere m'manja mwa wolembedwa ntchito ndi boma yekha.

Abale athu a ku Malawi kutsidya kwa malire anayesa njira ziwiri, ndipo mbiri yawo ikutikhudza chifukwa mbali ina inachitikira pakhomo pathu. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, milandu ikuluikulu monga yakupha ndi youkira boma inkaperekedwa kumakhoti a miyambo, komwe mafumu ankakhala pampando ndipo maloya sankaloledwa. Mu Disembala 1981, Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa kumalire kuno cha ku Chipata. Khoti la miyambo linawagamula kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, koma Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo Vera anatuluka mu 1993. Oweruza aja ankatchedwa oimira anthu ndi mwambo, chonsecho amene anawaika pampando ndi yemweyo amene ankafuna chigamulocho.

Zipani zambiri zitabwera mu 1994, zinthu zinatembenuka. Mu 1995 Kamuzu mwiniwake pamodzi ndi John Tembo anazengedwa mlandu wa imfa ya andale anayi omwe anaphedwa ku Mwanza mu 1983: Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Mlanduwo unamvedwa ndi jury, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anawapeza osalakwa. Ambiri chigamulocho chinawapweteka mtima, ndipo n'zomveka. Koma boma la Bakili Muluzi, lomwe linatsegula mlanduwo, silinathe kuuza anthu wamba aja zoti anene. Patapita zaka, Malawi inaimitsa jury pa milandu yakupha, chifukwa oganiziridwa ankangokhala m'ndende zaka zambiri kudikira tsiku lawo.

Pamenepa pali funso lomwe ife a kuno sitingalizembe ngakhale tilibe jury: woyenera kukhala pabwalo n'kuweruza mnzake ndani, nanga amamusankha ndani?

Milandu yambiri ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi sifika n'komwe kwa majisitireti. Malire a munda, ng'ombe zodya chimanga cha eni, banja lomwe ankhoswe alilephera, zonsezi zimathera pansi pa mtengo kwa nyakwawa, kapena zimakwera kwa Mfumu Kathumba, kwa Mbang'ombe, kwa Pembamoyo, mafumu omwe amapita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika mwezi wa Ogasiti. Pabwalo loterolo mfumu siiweruza yokha. Nduna zimafunsa, akuluakulu amathirapo ndemanga, ndipo aliyense wodziwa nkhaniyo amapatsidwa mpata. Choncho mwambo woti munthu aweruzidwe ndi anthu omudziwa tili nawo kale.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi nkhope za okhala kutsogoloko. Achewa timatsata kuchikazi, munda ndi ana zimayendera mbumba, ndipo ufumu wa Kawaza wakhala m'manja mwa amayi. Komabe m'midzi yambiri mpando wa nduna umadzaza ndi abambo okhaokha, amayi atakhala pamphasa kumbali. Mtsikana wodandaula za mwamuna wake angamasuke bwanji pamaso pa amalume ake a mwamunayo? Nduna yomwe ili pachibale ndi mmodzi wa otsutsana iyenera kudzuka yokha pampando tsiku limenelo, osadikira kuti wina ainene. M'mayiko a jury, wachibale wa woimbidwa mlandu amachotsedwa mlandu usanayambe, ndipo palibe amaona ngati wanyozedwa.

Malamulo a boma nawo sanamutsekere munthu wamba khomo. Makhoti a m'madera, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1966 m'malo mwa makhoti a atsamunda, amaweruza nkhani za mwambo ndipo amasankhanso oyang'anira chuma chamasiye. Majisitireti kapena jaji akakumana ndi funso la mwambo, lamulo limamulola kuitana akuluakulu odziwa mwambowo kuti akhale naye ngati alangizi. Maganizo awo samumanga, koma amamveka. Mpata umenewu ndi wa agogo odziwa kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa, ndipo sayenera kuchita mantha akaitanidwa.

Koma udindo waukulu kwambiri, womwe ungagwere wina aliyense mawa lomwe, ndi wokhala mboni. Jaji wa ku Chipata sanalipo pamene ng'ombe zinkatulutsidwa m'khola usiku. Amangodziwa zimene wauzidwa atalumbiritsa munthu. Mboni ikapanda kubwera, kapena ikafika n'kusintha mawu kuti "ine sindinaone kanthu," wakuba amabwerera kumudzi, ndipo anthu omwe aja anakhala chete ndi amene amayamba kunena kuti apolisi adya ndalama. Samani ya khoti si pempho; woinyozera akhoza kumangidwa. Koma sindikufuna kuti munthu apite kukhoti chifukwa choopa unyolo. Apite chifukwa mwana amene wagwiriridwa alibe wina womuyankhulira.

Nkhani ya ana ndi yomwe imavuta kwambiri. Kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu womwe chilango chake sichichepera zaka 15 m'ndende, ndipo bwalo la mfumu lilibe mphamvu youthetsa. Chikhalirecho mabanja ena amagwirizana m'nyumba, mbuzi kapena ng'ombe n'kuperekedwa, chikalata cha dokotala wa ku chipatala cha St Francis n'kubisidwa pansi pa bokosi. Kuyambira kumapeto kwa 2023 lamulo likuletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Nyakwawa kapena nkhoswe amene wakhalira umboni mgwirizano wotere waweruza kale, ndipo waweruza mokomera wolakwa.

Mbali ina ya vutoli ndi gulu lomwe limadziika lokha pampando. Kukuwa kuti "wakuba!" kapena kuloza nkhalamba kuti ndi mfiti kumasonkhanitsa anthu msanga kuposa samani iliyonse. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu m'malamulo a Zambia, ndipo dziko lomwe linathetsa chilango cha imfa mu Disembala 2022 silingalole kuti chigamulo chomwe jaji sangapereke chiperekedwe ndi miyala pamsika.

Boma nalo lili ndi mbali yake, ndipo pano ndilankhula mosabisa. Mayi wochokera kumapiri a ku Vubwi akasiya munda nthawi yopalira, n'kugulitsa nkhuku kuti apeze yokwerera, kenako n'kuuzidwa kuti mlandu wasunthidwa mpaka mwezi wamawa, ulendo wachiwiri sadzabweranso, ndipo n'kovuta kumuimba mlandu. Mboni yochokera kutali imvedwe tsiku lomwe yafika. Ndalama yake yoyendera ibwezedwe asanatuluke pachipata cha khoti. Ndipo amene waopsezedwa chifukwa cha umboni wake adziwe wapolisi woti amuuze, yemwe adzafikedi kumudziko.