M'mera Mpoyamba: Kuyamwitsa ndi Kudyetsa Ana m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Munthu woyenda pa msewu wochoka ku Mponela kupita ku boma la Ntchisi m'nyengo ya masika amaona dziko la chakudya. Chimanga chiri m'mikukwe, mtedza wafukulidwa, soya ndi nyemba zayanikidwa pabwalo, ndipo fodya ali m'zigafa. Koma munthu yemweyo akapatukira ku sikelo ya ana ku Malomo, ku Madisi kapena ku Mvera, adzapezako ana ena amene msinkhu wawo sugwirizana ndi zaka zawo. Kodi zimatheka bwanji kuti mwana apinimbire nkhokwe ziri zodzaza? Yankho lake, mwa zina, lagona pa mmene mwanayo anayamwira ndi kudyera asanakwanitse zaka ziŵiri.

Kafukufuku wa boma wa za chiŵerengero cha anthu ndi umoyo, amene anachitika m'zaka za 2015 ndi 2016, anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malaŵi anali opinimbira. M'chaka cha 2010 anali 47, ndiye kuti zinthu zinasinthako. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa chinthu china chodandaulitsa: makanda oyamwa bere lokha asanakwane miyezi 6 anatsika kuchoka pa 71 kufika pa 61 mwa 100 alionse. A zaumoyo amanena za masiku 1,000, kuyambira tsiku limene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziŵiri. Msinkhu ndi nzeru zimene mwana waluza m'masiku ameneŵa zimavuta kuzibwezera pambuyo pake. Akuluakulu sananame pamene anati m'mera mpoyamba.

Ola loyamba

Mwana akangobadwa ayenera kupukutidwa ndi kugonekedwa pachifuwa pa mayi wake, popanda nsalu pakati pawo, ndipo aŵiriwo afunditsidwe pamodzi. Kumapiri kuno, kumene kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kutentha kwa thupi la mayi kumamteteza mwana koposa bulangete. Ola lisanathe, mwanayo apatsidwe bere. Kuyamwa koyambaku kumathandizanso mayi, pakuti chiberekero chimabwerera msanga ndipo magazi satayika ambiri.

Mkaka wa masiku oyamba umakhala wachikasu, wonanda ndiponso wochepa, ndipo kale ena ankaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa. Chikhalirecho mkaka umenewu ndiwo wodzaza ndi chitetezo cha mayi cholimbana ndi matenda, ndipo umathandiza kutulutsa chimbudzi chakuda choyamba chija. Kuchepa kwake kusadetse nkhaŵa munthu aliyense, chifukwa mimba ya khanda la tsiku limodzi imakhuta ndi mkaka wokwana kasipuni kamodzi ka tiyi pa kuyamwa kulikonse. Mkaka woyera wochuluka umabwera pakapita masiku aŵiri, atatu kapena anayi.

Miyezi 6 ya bere lokha

Kuyambira m'chaka cha 2001, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6 yathunthu, ndipo malangizo a Unduna wa Zaumoyo m'Malaŵi ndi omwewo. Kuyamwitsa mwakathithi ndiko kupatsa mwana bere lokha: osampatsa madzi, phala, tiyi kapena mankhwala a zitsamba, kupatula mankhwala ochokera ku chipatala. Agogo ambiri amafunsa mwachifundo kuti, nanga mwana samva ludzu m'mwezi wa Okutobala? Mkaka wa m'maŵere ndi madzi pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10, kotero mwana wa ludzu amangofunika kuyamwa kaŵirikaŵiri. Madzi a pachitsime amadzaza kamimba kake popanda kumdyetsa, ndiponso angathe kumtsegula m'mimba.

Dandaulo limene alangizi a zaumoyo amalimva kaŵirikaŵiri ndi lakuti mkaka ukuchepa. Bere silifanana ndi mtsuko umene umatha munthu akamatungamo. Mwana akamayamwa, thupi la mayi limalandira chizindikiro chakuti lipange mkaka wina. Bere likakhala lodzaza nthaŵi yaitali, thupi limachepetsa kupanga. Chifukwa chake mayi amene wayamba kupatsa mwana phala pa miyezi itatu amaonadi mkaka ukuchepa, koma phala lija ndilo lauchepetsa. Khanda liyamwe nthaŵi iriyonse likafuna, usana ndi usiku, kosachepera ka 8 pa tsiku. Lithe kaye bere limodzi lisanapatsidwe linalo, pakuti mkaka wotsirizira ndiwo uli ndi mafuta okhutitsa.

Kagwiridwe ka bere nakonso ndi kofunika. Mwana atembenukire kwa mayi wake, mimba yake ikhudze mimba ya mayiyo. Kukamwa kutseguke kwambiri, mlomo wam'munsi upindikire kunja, chibwano chikhudze bere, ndipo gawo lalikulu la mbali yakuda ya bere liloŵe m'kamwa. Mwana woyamwa nsonga yokha sakhuta, ndipo amamchititsa mayi zilonda. Zizindikiro zakuti mwana akukhuta ndi ziŵiri: amakodza kosachepera ka 6 pa tsiku, ndiponso mzere wa m'kabuku kake ka kusikelo umakwera mwezi ndi mwezi. Kulira kokha si umboni wakuti mkaka wachepa.

Botolo ndi mkaka wa m'chitini

M'chaka cha 1939 Dr Cicely Williams, dokotala wa ana, analankhula mwamphamvu mumzinda wa Singapore za makanda amene ankafa chifukwa cholandidwa bere ndi kupatsidwa mkaka wa m'zitini. Panapita zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1981 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana malamulo oletsa kunyengerera amayi ndi malonda a mkaka wotere. Kuopsa kwake n'kosavuta kukumvetsa. Botolo limavuta kutsuka, madzi amafunika kuŵiritsa nthaŵi iriyonse, ndipo chitini chikayamba kutha kholo losauka limachulukitsa madzi kuti chikhalitse. Mwana wamasiye, kapena amene mayi wake wadwala kwambiri, atengedwe ku chipatala kuti akalangize kadyetsedwe kake, ndipo amwetsedwe ndi kapu. Akatswiri amene analemba m'magazini ya za udokotala ya The Lancet m'chaka cha 2016 anaŵerengera kuti kuyamwitsa koyenera kungapulumutse ana oposa 800,000 chaka chirichonse pa dziko lonse.

Mayi ndi ntchito za kumunda

Ku Dowa ndi ku Ntchisi minda yambiri iri m'malo otsetsereka, madimba ali m'zigwa, ndipo nkhuni ndi madzi zimatengedwa kutali. Nyengo yopalira ndi kubandira, ngakhalenso yosoka ndi kusankha fodya, ndiyo imene makanda ambiri amasiyidwa ndi alezi, amene amawatonthoza ndi phala lamadzimadzi. Njira yabwino ndiyo kupita naye mwana kumunda pamodzi ndi mlezi, kuti mayi aziyamwitsa pamthunzi. Ngati nkosatheka, mayi asambe m'manja ndi sopo, afinyire mkaka m'kapu yoyera, aivundikire ndi kuiika pamalo ozizira. Mkaka umenewo mlezi ammwetse mwana ndi kapu maola 6 asanathe.

Phala likayamba

Mwana akakwanitsa miyezi 6, bere lokha silikwaniranso, ngakhale kuti liyenera kupitirira mpaka zaka ziŵiri kapena kuposerapo. Apa ndi pamene ana ambiri amayamba kutsalira. Phala la ufa woyera lothira mchere wokha limadzaza mimba koma silimanga thupi. Phala labwino ndi la mgaiwa, lolimbirapo kotero kuti silitayika msanga sipuni ikapendekeka, ndiponso lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira, usipa wosinja, masamba ophika opota kapena kasipuni ka mafuta. Muyeso wa Likuni Phala, womwe ndi magawo 4 a chimanga pa gawo limodzi la soya, banja lingathe kuutsata lokha popita ku chigayo.

Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kaŵiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira masipuni aŵiri kapena atatu ndi kuonjezera pang'onopang'ono. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ndipo pakati pake alandire nthochi, papaya, mango, mapeyala kapena mbatata yofiira m'kati. Akhale ndi mbale yakeyake kuti kholo liwone zimene wadya, ndipo apatsidwe ndiwo zenizeni, osati msuzi wokha. Alangizi amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zamtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Pafupifupi zonsezi zimapezeka m'midzi ya kumapiri kuno. Chovuta n'chakuti mtedza ndi soya zimathera kwa ogula m'mwezi wa Juni, ndipo pofika Januwale mwana amatsala ndi phala loyera. Banja lanzeru limapatula thumba la mwana lisanayambe kugulitsa.

Phunziro la ku Ntchisi

M'chaka cha 2014 boma, mothandizana ndi bungwe la World Food Programme, linayambitsa ntchito yolimbana ndi kupinimbira m'boma la Ntchisi. Ana a miyezi 6 mpaka 23 ankalandira kapaketi ka magalamu 20 ka chakudya chonga chiponde kuti adye tsiku lirilonse, ndipo amayi odzipereka ankayendera mabanja kuphunzitsa za kadyetsedwe ndi ukhondo. Ofufuza a ku Johns Hopkins University, ku America, anayerekeza ana a ku Ntchisi ndi anzawo a ku Dowa, kumene ntchitoyi kunalibe. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 2020, zinaonetsa kuti ana a ku Ntchisi analemerako, koma pa msinkhu panalibe kusiyana kwenikweni. Phunziro lake ndi lakuti kupinimbira sikutha ndi kapaketi kokha. Kumayamba mwana ali m'mimba, ndipo kumakula ndi malungo, kutsegula m'mimba ndi kubereka pafupipafupi. Kotero kudya kwa mayi wapakati, neti yoteteza udzudzu, chimbudzi ndi madzi abwino ziri mbali ya nkhani yomweyi.

Mafunso ovuta

Mayi akaima mwana akadali pa bere, ambiri amamletsa mwanayo kuyamwa tsiku lomwelo, poopa kuti mkaka waipa. Mkaka suipa, ndipo mayi wathanzi angathe kupitiriza kuyamwitsa, malinga adye mokwanira ndi kupita ku sikelo ya amayi apakati. Choopsa ndicho kumlanda mwana bere mwadzidzidzi. Dzina la nthenda ya kwashiorkor, yotupitsa miyendo ndi kufiiritsa tsitsi, linachokera ku chilankhulo cha Chiga cha ku Ghana, ndipo limanena za mwana amene wachotsedwa pa bere chifukwa cha m'bale wake wobwera. Kuyamwitsa kumalera pokhapokha zinthu zitatu ziri pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Chimodzi chikasintha, banja lifunse njira ina yolerera.

Mayi amene ali ndi kachirombo ka HIV nayenso ayamwitse. M'chaka cha 2011 Malaŵi linakhala dziko loyamba kupereka mankhwala a ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachiromboka. Mayi akamamwa mankhwala tsiku lirilonse osadumphitsa, mpata wopatsira mwana umachepa kwambiri. Mwanayo amalandira mankhwala ake omteteza ndipo amayezedwa magazi pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24.

Mwana wodwala ayamwe koposa kale. Liŵombo likaloŵa m'kati mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi mwake, ndipo chofunika ndi bere, madzi a ORS ndi chipatala, osati mankhwala opaka pamutu. Khanda limene likukana bere, kutentha kapena kuzizira thupi, kupuma mofulumira kapena kukomoka lisagone pakhomo.

Udindo wa banja

Mutu umodzi susenza denga. Mayi amene akulima, kutunga madzi ndi kuphika yekha sangathe kukhala pansi ka 8 pa tsiku kuyamwitsa. Bambo amene watenga khasu m'malo mwa mkazi wake, wasunga mazira a nkhuku zapakhomo kuti adye mayi ndi mwana, ndiponso waperekeza mkazi wake ku sikelo, wathandiza kuyamwitsa. M'midzi ya Acheŵa mawu a agogo ndi anamkungwi amamveka kwambiri m'chikuta, ndipo iwo akamvetsa chifukwa chake khanda silifuna madzi, mudzi wonse umatsata. Sabata yoyamba ya mwezi wa Ogasiti dziko lonse limakumbukira za kuyamwitsa, koma mlangizi wa zaumoyo amapezeka chaka chonse. Mayi amene bere latupa, lachita zilonda, kapena akukayika za kukula kwa mwana wake, atenge kabuku ka kusikelo ndi kukamuona mlangiziyo sabata lomwelo, asanaganize zophika phala.