Ntchito Yapezeka, Nanga Moyo Tiusamala Bwanji?

Ambiri mwa ife m'makalabu a achinyamata timalakalaka tsiku limene tidzalembedwe ntchito. Ena tinayamba kale kugulitsa m'sitolo, kukonza magalimoto m'galaja kapena kulandira alendo m'malo ogona. Ntchito ndi yabwino, koma imabwera ndi mayesero amene angatigwetse m'vuto la kachilombo ka HIV. Wachinyamata amene amasamala ndalama zake, luso lake ndi thanzi lake amakhala ndi mphamvu yonena kuti "ayi" pamene wina akufuna kumugula.

Malipiro asathe mwezi usanathe

Tonse tikudziwa zimene zimachitika kumapeto kwa mwezi. Malipiro akangolowa ku banki, pa Mpamba kapena pa Airtel Money, anzathu omwa nawo amachuluka. Mowa ukafika m'mutu, kondomu imaiwalika. Pofika pakati pa mwezi ndalama zatha, eninyumba akufuna lendi, ndipo ena timathamangira kwa akatapila. Apa mpamene mtsikana amayamba kumvera chidyamakanda chimene chikumulonjeza foni, ndipo mnyamata amakopeka ndi mayi wachuma amene akuti amulipirira nyumba.

Tsiku lolandira malipiro, tisanagule chilichonse, tilembe papepala ndalama ya lendi, ufa, makala, minibasi ndi yotumiza kwa makolo. Kenako tipatule yosunga, ngakhale ikhale yochepa. Tingalowe chipereganyu ndi anzathu odalirika a pantchito kapena gulu la banki m'khonde. Ngati tili pa ndondomeko ya penshoni, imene lamulo linaikhazikitsa mu 2011, wolemba ntchito amayenera kuikako ndalama zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro athu, ifenso K5. Tizifunsa ngati ndalamazi zikufikadi ku thumba la penshoni.

Luso ndi chuma chosabedwa

Amene alibe luso amaopa kuchotsedwa ntchito, ndipo mantha amenewa ndi amene amamuchititsa kuvomera zosayenera. Tisakhutire ndi ntchito imene tinayambira. Ngati mayeso a MSCE sanayende bwino, tingabwereze pa sukulu za madzulo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi ndi kusoka. Maphunzirowa amapezeka m'makoleji monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima ndi Mzuzu.

Pantchito pomwepo palinso sukulu. Tipemphe amene anatitsogolera atiphunzitse kulemba kaundula wa katundu, kuwerengera ndalama kapena kugwiritsa ntchito kompyuta. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tizifika nthawi yabwino, ndipo tizisunga makalata onse otichitira umboni.

Abwana akafuna zachabe

Alipo mabwana ena amene amauza wofuna ntchito kapena wofuna kukwezedwa kuti ayambe wagona nawo. Umenewu ndi mlandu. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pamalo a ntchito. Zikatichitikira, tisunge mauthenga a pafoni ngati umboni, tiuze munthu amene timamukhulupirira, ndipo tikadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lathu kapena ku polisi. Ngati wina watigwiririra, tithamangire kuchipatala pasanathe maola 72 kuti tikalandire mankhwala a PEP oteteza ku kachilomboka. Ntchito yopeza ndi thupi siikhalitsa, chifukwa bwana yemweyo mawa adzafunanso wina.

Thanzi ndiye mpamba woyamba

Sitingakonze tsogolo tisakudziwa momwe m'thupi mwathu mulili. Tiyeni tikayezetse magazi. Ngati tilibe kachilombo, tidziletse, tikhulupirike kwa bwenzi limodzi loyezetsa, kapena tigwiritse ntchito kondomu nthawi zonse.

Ngati tapezeka nako, ntchito siinathe ayi. Mankhwala a ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba kumwa mankhwalawa osadikira kuti adwale. Womwa mankhwala mwandondomeko amagwira ntchito ngati wina aliyense. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha kachilomboka, komanso kumukakamiza kuyezetsa kuti alembedwe ntchito. Lamulo la zantchito la 2000 limapereka tchuthi cha matenda kwa amene wagwira ntchito miyezi 12: milungu 4 pa malipiro onse ndi milungu 8 pa theka la malipiro, pakakhala kalata ya dokotala. Choncho tisaphonye tsiku lokatenga mankhwala poopa abwana. Tipemphe chilolezo nthawi ikadalipo.

Zokambirana ku kalabu yathu

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene zimatidyera ndalama mosayenera?
2. Mnzathu atatiuza kuti abwana ake akumufunsira mokakamiza, tingamuthandize bwanji?
3. Ndi luso liti limene aliyense wa ife aphunzire chaka chino chisanathe?

Pamsonkhano wotsatira, aliyense abwere ndi pepala la ndondomeko ya ndalama zake za mwezi umodzi kuti tidzathandizane kuiunika.