Gogo wa ku Ireland amene sankaopa mvula panjinga

Mvula ikayamba pamsika, akabaza amathawira pakhonde la golosale n'kudikira kuti ikate. Ikakana kukata, kunyumba si kutali. Koma pali anthu ena amene mvula imawapeza ali okhaokha pamsewu wachilendo, kwawo kuli kutsidya kwa nyanja, katundu wawo yense ali pakaliyala.

Mmodzi mwa anthu otere adali Dervla Murphy, mayi wa ku Lismore m'dziko la Ireland, yemwe adadutsa m'Malawi muno panjinga yakapalasa mu 1992 ali ndi zaka 60.

Mayiyu adabadwa mu 1931 m'dziko lomwe mvula imagwa pafupifupi mwezi uliwonse, moti kunyowa adakuzolowera ali mwana. Atakwanitsa zaka 10 adalandira mphatso ya njinga ndi buku la mapu, ndipo pomwepo adatsimikiza mumtima kuti tsiku lina adzapalasa mpaka ku India. Malotowo adachedwa. Adasiya sukulu ali ndi zaka 14 kuti azisamala amayi ake omwe adali olumala, ndipo adawasamala mpaka pamene adamwalira mu 1962.

Mu January 1963 adanyamuka. Tsoka ilo, chaka chimenecho ku Ulaya kudazizira modetsa nkhawa. Misewu idakwiririka ndi chipale, ndipo chipalecho chitayamba kusungunuka, ku Yugoslavia adakumana ndi madzi osefukira. Adafikabe ku Delhi mu July chaka chomwecho, atadutsa ku Iran, Afghanistan ndi Pakistan. Ulendowu adaulemba m'buku lotchedwa Full Tilt lomwe lidatuluka mu 1965.

Asadanyamuke adachita zinthu ziwiri zomwe makaniko aliyense wa njinga angazimvetse. Adachotsetsa magiya panjinga yake kuti zowonongeka zichepe, komanso adatumiziratu matayala apadera kumizinda ina ya kutsogolo kuti akawapeze kumeneko.

Nanga mvula imavuta pati kwa munthu wotere? Madzi ogwa kumwamba si vuto lalikulu, chifukwa munthu akamapalasa thupi limatentha. Nkhondo ili pansi. Pamsewu wafumbi, makamaka pa dothi lamakande, matope amamatirira kutayala n'kudzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Apo mwini njinga amatsika, n'kuthyola kamtengo, n'kuyamba kutokosa. Akayenda pang'ono, abwerezanso. Ena amangomasula madigadiwo, kulolera kuti matope awathimbirire kumsana. Zikafika poipa, amatsitsa katundu, kusenza njinga, kenako n'kubwerera kukatenga katunduyo, mtunda umodzi kuuyenda katatu.

Mabuleki nawo amanama. Limu ikanyowa, labala wa buleki amaterera kaye asadagwire, choncho pa mtsetse wautali ngati wa ku Chiweta wopalasa wanzeru amayamba kufinya msanga. Mchenga wosakanikirana ndi madzi umadya labalayo, ndipo tcheni chikagona chosapukuta ndi kudzoza oilo chimadzuka ndi dzimbiri. Ngakhale chigamba sichimata pa chubu chonyowa.

Koma choopsa kwambiri chimadza madzulo, munthu akaima. Zovala zonyowa zimachotsa kutentha m'thupi, ndipo kumalo okwera munthu akhoza kuyamba kunjenjemera mpaka kusokonezeka mutu. N'chifukwa chake oyenda maulendo otere amasunga malaya ndi buluku louma mu jumbo yomanga bwino, zovala usiku wokha. M'mawa amavalanso zonyowa zija. N'zowawa, koma akanyowetsa zonse ziwiri ndiye kuti madzulo agona pamavuto.

Mtsinje wodzaza alibe nawo mkangano. Amene ali ndi anzake akhoza kugwirana manja, koma woyenda yekha akakokoloka palibe wokauza anthu. Amadikira, kapena kufunsa eni dera.

Apa m'pamene pamaonekera chinsinsi cha maulendowa. Munthu amati akuyenda yekha, koma mvula imamukankhira pakhonde la munthu wina, m'kalasi ya sukulu, m'tchalitchi kapena m'nyumba ya alendo yotsika mtengo. Mabuku a Murphy ndi odzaza ndi anthu otere, omwe adamupatsa pogona ndi chakudya asakumudziwa.

Ulendo wake wa mu 1992 udayambira ku Nairobi mu March, nthawi imene mvula yaikulu imayamba ku Kenya ndi Uganda. Adadutsa ku Tanzania, Malawi ndi Zambia mpaka ku Zimbabwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,800. Chodabwitsa n'chakuti kuno kummwera adapeza zosiyana: chimenecho chidali chaka cha chilala choopsa, chimanga chitapserera m'minda.

Iye adanyamuka kuti akapumitse mutu, koma kulikonse kumene ankaima anthu ankamuuza za maliro a Edzi. Buku la ulendowu, lomwe lidatuluka mu 1993, adalitcha The Ukimwi Road. Ukimwi ndi dzina la Edzi m'Chiswahili.

Chomwe chidamutsitsa panjinga paulendowu si matope kapena mapiri. Atafika ku Zimbabwe adagwidwa ndi malungo, ulendo n'kuthera pomwepo. Chaka chotsatira adabweranso kudzapalasa ku South Africa. Adamwalira kwawo ku Lismore pa 22 May 2022 ali ndi zaka 90.