Amakaniko amene amadzutsa ma Canter a ku Kaumbwe

Nyengo yokolola ikafika ku Kaumbwe, matumba a chimanga, mtedza ndi mpendadzuwa sadziyendera okha kupita ku Petauke, ku Nyimba kapena kumadepoti a Food Reserve Agency. Amakwera Mitsubishi Canter, Toyota Dyna ndi Hilux zakale, zambiri mwa izo zinabwera m'dziko muno zitayenda kale ku Japan. Galimoto zimenezi zikuyendabe chifukwa cha amakaniko, ena a m'magalaja a pa boma, ena ogwirira ntchito pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa Great East.

Ena mwa iwo anaphunzira kusukulu zaluso monga Chipata Trades Training Institute n'kutenga mapepala a TEVETA. Ena anayamba ali anyamata, kutsuka mabawuti m'beseni la dizilo ndi kupatsira bwana sipanala. Onsewa ntchito imene imawayesa ndi imodzi: mwini galimoto akabwera nayo ikufuka utsi wa buluu, ikumwa oyilo, ikulephera chitunda, ndalama m'thumba zili zochepa.

Makaniko wodziwa ntchito sathamangira kusitolo. Amaphwasula injini, n'kuyendetsa chikhadabo m'kati mwa silinda. Chikhadabo chikakodwa pakamzere ka kumtunda, pamene ma ring'i amalekezera, ndiye kuti silinda yadyeka. Koma chikhadabo chimangochenjeza, chopereka yankho ndi chipangizo choyezera. Injini ya Toyota 3L, ya malita 2.8, silinda yake imakhala mamilimita 96 m'mimba mwake ikakhala yatsopano. Ikadyeka pang'ono, kupala ndi kuika ma ring'i atsopano kumakwanira. Ikadyeka kwambiri, buloko imapita kwa a makina okuza mabowo, nthawi zambiri ku Chipata kapena ku Lusaka, komwe kuli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Petauke, ndipo pamafunika mapisitoni okulirapo, monga a 0.50 mm. Pisitoni ndiyo iyambe kugulidwa, kuti wa makina akuze bowo moyeza pisitoniyo. Apa m'pamene eni galimoto ambiri amaluza. Amakana mtengo wa ulendowo, n'kuumiriza kuti aikiridwe mapisitoni a saizi yakale m'mabowo otakasuka. Galimoto imalira bwino milungu ingapo, kenaka utsi uja wabwerera, ndalama zapita kawiri.

Nkhani ya kamushafuti ndi yaifupi. Chitsulo chimenechi chimatsegula ndi kutseka mavavu, ndipo chimazungulira kamodzi pamene kirankishafuti yazungulira kawiri. Ku America anyamata okonda liwiro amagula kamushafuti yosiya mavavu otsegula nthawi yaitali, kuti injini ikhale ndi mphamvu ikamathamanga kwambiri. Kuno zimenezo zilibe phindu. Canter yodzaza matumba, yotuluka m'dambo pa giya yoyamba, imafuna mphamvu injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo kamushafuti ya kufakitale inapangidwira zomwezo. Makaniko amangoyang'ana ngati timapiri take tadyeka kapena takumbika. Ngati tili bwino, amaibwezera, ndalamayo ipite ku mabering'i, gasiketi ndi pampu ya oyilo. Pa 3L asaiwale lamba wa tayiming'i, pakuti akaduka galimoto ili paulendo, mapisitoni amamenya mavavu. Injini za Canter monga 4D33 zilibe nkhawa imeneyo, chifukwa tayiming'i yake imayendera magiya.

Chovuta china ndi zipangizo zabodza, zokhala m'katoni yokongola koma chitsulo chake chofewa. Zikafa msanga, wotukwanidwa ndi makaniko, osati wogulitsa. N'chifukwa chake ena amakonda kupita limodzi ndi mwini galimoto kukagula, aone yekha mtengo, aonenso chimene walipira.

Ine ndimalemekeza kwambiri makaniko amene amalimba mtima kunena kuti, "Bwana, apa musataye ndalama, buloko iyi yatha, sakani injini ina." Mawu amenewo amamulanda ntchito ya mlungu wonse, koma amapulumutsa banja limene limadya ndi kulipira sukulu kudzera m'galimoto imodziyo.

Inu eni galimoto a ku Kaumbwe, injini ikaphwasulidwa pemphani kuona miyeso musanagule pisitoni ngakhale imodzi, ndipo mumulipire bwino makaniko amene wakuyezerani.